Amalume Anga ndi Nkhoswe ya mu Yohane 14

Amalume anga anali telala pakhonde la sitolo ina ku Nkhotakota. Pambali pa makina awo a Singer pankakhala mulu wa nsalu za anthu, ndipo pansi pa muluwo pankakhala Buku Lopatulika lachikuto chakuda, lothimbirira ndi thukuta la manja. Anali Msilamu wosaphonya swala, ndipo Lachisanu masana makina ankafundidwa chitenje iwo n'kuvala mkanjo woyera ulendo wa kumzikiti. Koma Baibulo ankalidziwa kuposa Akhristu ambiri amene ndapemphera nawo, ndipo ndime zina anazilemba mizere kunsi ndi bolopeni yofiira.

Mayi anga, mlongo wawo, anabadwira m'Chisilamu ndipo analowa Anglican atakwatiwa ndi bambo. Kwathu zimenezi si zodabwitsa. Chisilamu chinafika ndi a Jumbe m'zaka za m'ma 1840, amishoni a UMCA anadzakhazikika mu 1894, ndipo mpaka lero pali mabanja ambiri amene ena amapita kumzikiti, ena kutchalitchi cha All Saints, madzulo n'kudyera limodzi mpunga wa faya ndi chambo. Pakhomo pathu nkhuku ya Khirisimasi ankazinga ndi amalume, kuti pasakhale wina wodya nsima ndi masamba okha.

Ndili Fomu 2 anandiitana pakhondepo, n'kundipatsa Baibulo lija. "Mphwanga, paja ukuphunzira za Baibulo kusukulu. Tsegula Deuteronomo 18, uwerenge ndime 18 mokweza." Ndinawerenga. Pamenepo Mulungu akulonjeza Mose kuti adzadzutsa mneneri wofanana naye kuchokera mwa abale a anthu ake, ndipo adzamuika mawu m'kamwa. Ndinayankha monga tinaphunzirira ku Sande sukulu, kuti ameneyo ndi Yesu. Iwo sanaimitse makina. Anangoyamba kundifunsa, phazi likupalasa. Mose anali ndi bambo ndi mayi? Eya. Nanga Yesu? Mose anakwatira n'kubereka ana? Anatsogolera mtundu wake, kuweruza milandu, kumenya nkhondo, kubweretsa malamulo? Anamwalira n'kuikidwa m'manda ngati munthu wina aliyense? Pa funso lililonse Mose ankaima mbali imodzi ndi Mtumiki Muhammad, Yesu n'kutsala yekha. Kenaka anati abale a ana a Isake ndi ana a Ismaeli, ndipo mawu oikidwa m'kamwa ndi aja mngelo Jibril anauza Mtumiki kuphanga la Hira kuti anene. Ndinabwerera kunyumba mutu uli gwa, ndipo usiku umenewo sindinagone bwino.

Patapita zaka ndinadzazindikira kuti mafunso aja, ndi ndondomeko yake yomwe, anachokera kwa Ahmed Deedat wa ku Durban, amene anabadwira ku India mu 1918 n'kumwalira mu 2005. Timabuku take ndi matepi a mitsutso yake, makamaka uja anachita ndi Jimmy Swaggart ku America mu 1986, zinkafika kwathu ndi anthu ochokera ku Joni, ndipo anyamata ankaunjikana m'nyumba zoonetsera vidiyo ngati kuli mpira. Alaliki amene lero mumawaona m'misika ali ndi zokuzira mawu, Qur'an kudzanja lina Baibulo kudzanja lina, ambiri amayenda m'mapazi ake.

Koma panali mfundo imodzi imene amalume sanaitenge kwa Deedat, chifukwa inaphukira m'Chichewa chenicheni. Mu Yohane 14, 15 ndi 16 Yesu akutsanzikana ndi ophunzira ake ndipo akuwalonjeza kuti iye akachoka kudzabwera wina. Amene anamasulira Buku Lopatulika, William Murray ndi anzake, omwe ntchito yawo inatuluka mu 1922, anamutcha wobwerayo Nkhoswe. Sindidziwa mawu ena m'Baibulo lathu amene anasankhidwa mwaluso kuposa amenewa. M'Chigriki pali parakletos, kutanthauza munthu woitanidwa kuti adzaime pambali pako, makamaka pa mlandu. Kwa ife ameneyo ndi nkhoswe ndithu: amene amakuperekeza pofunsira mbeta, amene amalandira nkhuku pa chinkhoswe, amene amadzutsidwa pakati pa usiku banja likagwedezeka.

Amalume anali nkhoswe ya mabanja ambiri, ndipo apa ndi pamene ankaimitsa makina. "Mphwanga, unaionapo nkhoswe yopanda miyendo? Nkhoswe imakhala pamphasa, imamva, imalankhula. Yesu akuti idzabwera ina. Ngati akuti ina, ndiye kuti yoyamba ndi iye mwini, ndipo kalata yoyamba ya Yohane ikumutchadi Yesu nkhoswe. Yoyamba inali munthu wodya ndi kumwa. Yachiwiri ikhala bwanji mphepo?" Ankapitiriza ndi chaputala 16, pamene akuti wobwerayo sadzalankhula za m'mutu mwake koma zimene wamva, ndiponso kuti sangabwere Yesu asanachoke. Mzimu Woyera, iwo ankatero, unalipo kale: unadzaza Elizabeti, unatsika pa Yordano. Ndiye ndani ameneyu woyembekezera kuti Yesu ayambe wachoka? Kwa iwo yankho linali poyera ngati mwezi pa nyanja.

Chimene chinkawatuma kufufuza chonchi si mtima wofuna kuchititsa Akhristu manyazi. Qur'an yawo, mu Sura 7 ndime 157, imanena kuti Mneneri wosadziwa kulemba ndi kuwerenga anthu amamupeza atalembedwa mu Taurat ndi Injil zimene ali nazo. Mu Sura 61 ndime 6, Isa mwana wa Mariam akulengeza za mtumiki wodzabwera pambuyo pake, dzina lake Ahmad. Munthu amene amakhulupirira kuti amenewa ndi mawu a Mulungu sangachitire mwina. Ayenera kutsegula Baibulo ndi chiyembekezo, monga amachitira mwana amene wauzidwa kuti dzina lake lili m'kaundula wa mfumu, ndipo amatsegula tsamba ndi tsamba mpaka alipeze. Kufufuzaku n'kwakale kwambiri. Ibn Ishaq, amene analemba mbiri ya Mtumiki n'kumwalira cha m'ma 767, anagwira kale mawu a mu Yohane 15 n'kunena kuti dzina la Chisiriya la wolonjezedwayo, Munahhamana, ndi Muhammad. Patapita zaka pafupifupi 90, Ali ibn Rabban al-Tabari, sing'anga amene anali Mkhristu n'kulowa Chisilamu, analemba buku lonse losonkhanitsa ndime za m'Masalmo, Yesaya ndi aneneri ena, makamaka paliponse pamene Baibulo la Chisiriya linali ndi mawu otanthauza kutamanda, popeza maina a Muhammad ndi Ahmad onse amachokera ku tsinde limenelo.

Nditapita kukoleji ku Zomba ndinaphunzirako Chigriki pang'ono, ndipo ndinabwera pa holide nditanola mkondo. Ndinali nditamva alaliki ena akunena kuti poyamba mawu a mu Yohane anali periklutos, kutanthauza wotamandika, ndiye kuti Ahmad, koma Akhristu anasintha zilembo. Amalume nawonso anali atayamba kuinena mfundoyi. Ndinawauza pamaso pa makasitomala awo kuti mipukutu ya Chigriki ya Chipangano Chatsopano ilipo yoposa 5,000 ndipo palibe ndi umodzi womwe umene uli ndi periklutos. Ndinawauza za gumbwa lotchedwa P66, lolembedwa cha m'ma 200, zaka zoposa 300 Mtumiki asanabadwe cha m'ma 570, limene lili ndi parakletos monga momwe tikuwerengera lero. Ndani akanafufuta dzina la munthu amene sanabadwe? Ndinawaonetsa Yohane 14:26, pamene Nkhosweyo akutchulidwa dzina kuti ndi Mzimu Woyera, ndi ndime 17, pamene akuti dziko silingamuone koma adzakhala mwa ophunzirawo. Ndinawonjezera kuti lonjezo linaperekedwa kwa Petro ndi anzake amene anali ndi mantha usiku umenewo, ndipo buku la Machitidwe likuti anauzidwa kudikira masiku owerengeka ku Yerusalemu. Nkhoswe yofika patapita zaka 600, eni banja onse ali m'manda, yathandiza ndani?

Zonsezi ndimazikhulupirirabe. Chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero ndi liwu limene ndinalankhulira, mnyamata wa zaka 23 kukweza mawu kwa mlongo wa mayi ake pagulu, amene anandilipirira fizi ya Fomu 3 ndi ndalama za singano yomweyo.

Iwo anakhala chete, n'kumaliza kupinda mpendero wa siketi imene inali pamakina. Kenaka anati, "Wamaliza, mphwanga? Za Chigrikizo ndakumva, sindizinenanso. Koma tandiuza. Inu mumati Taurat ndi aneneri akunena za Yesu. Eni ake a mabukuwo, Ayuda, amene amadziwa Chihebri kuposa iwe ndi ine, amavomera?" Ndinati ayi. "Ndiye inu mumati chiyani za iwo?" Ndinati timanena kuti maso awo ndi ophimbika. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ifenso timatero za inu."

Ndinalibe choyankha, ndipo ndakhala ndi funso limenelo zaka zonse zimene ndaphunzitsa Baibulo kusekondale. Pambuyo pake ndinapeza kuti telala wa ku Nkhotakota ananena zomwe Khalifa al-Mahdi ananena ku Baghdad cha m'ma 781, pamene anakambirana masiku awiri ndi Timothy Woyamba, mkulu wa Mpingo wa Kum'mawa. Khalifayo anafunsa za Parakletos, za mneneri wonga Mose, ndi za wokwera ngamira wa mu Yesaya 21, ndipo anati Akhristu akuchitira Muhammad zimene Ayuda anachitira Yesu. Timothy anakana ndime iliyonse mosapsatira. Anati akanapeza ulosi wa Muhammad mu Uthenga Wabwino akanausiya n'kutsata Qur'an. Koma ananenanso kuti Muhammad anayenda m'njira ya aneneri, pochotsa anthu ake ku mafano n'kuwaphunzitsa za Mulungu mmodzi. Anapereka fanizo la ngale yogwera m'nyumba ya mdima: aliyense atola kanthu n'kukafumbata, wina ngale, wina galasi, wina mwala, ndipo zidziwika kukacha. Sanali kunena kuti zonse n'chimodzimodzi. Iye ankakhulupirira kuti ngale ili m'dzanja lake, ndipo anatero pamaso pa mfumu imene ikanatha kumudula mutu. Anachoka wamoyo, ali paulemu ndi khalifayo.

Chaka chilichonse ndikafika pa Mateyu 2 ndi ana a sukulu, mawu a amalume amandibwerera. Mateyu akuti kuthawira kwa mwana Yesu ku Igupto ndi kubwerako kwake kunakwaniritsa mawu a mneneri. Ukatsegula Hoseya 11:1, pamene mawuwo achokera, upeza kuti mneneriyo akukumbutsa za mtundu wa Israeli pamene unatuluka mu ukapolo. Akuyang'ana m'mbuyo. Myuda woiwerenga ndimeyi saonamo khanda la ku Betelehemu ngakhale pang'ono. Yesaya 7:14, imene timaimba pa Khirisimasi, inanenedwa kwa Mfumu Ahazi ali pa nkhawa ya nkhondo ya m'masiku ake, ndipo mawu a Chihebri amene Baibulo la Chigriki linawamasulira kuti namwali wosadziwa mwamuna, Ayuda amati akungotanthauza mtsikana. Mkangano umenewu unalipo kale pamene Justin Martyr ankalemba zokambirana zake ndi Myuda Trypho cha m'ma 160, ndipo Justin anafika poimba Ayuda mlandu woti anachotsa ndime zina zonena za Khristu. Nditawerenga zimenezo ndinatsika mtima, chifukwa mlandu woti eni buku anasintha malembo, umene Asilamu amautcha tahrif ndipo umatipweteka tikaumva, Mkhristu mnzathu anayamba wauponyera ena.

Luka 24 amanena poyera mmene zinayendera. Anthu awiri a pa njira ya ku Emau ankadziwa Mose ndi aneneri kuyambira ubwana, koma sanaonemo Mesiya wopachikidwa. Anayamba akumana ndi wouka kwa akufa, ndipo pamenepo malembo anatseguka. Chikhulupiriro chinatsogola, kuwerenga kunatsata. Ndikakhala woona mtima, ine sindinakhale Mkhristu chifukwa cha Yesaya 53. Ndimaona Yesu mu Yesaya 53 chifukwa ndinamudziwa kale pa ubatizo, pa Mgonero, ndi pa maliro a bambo anga. Amalume nawonso sanakhale Msilamu chifukwa cha Deuteronomo 18. Anamva Qur'an ikuwerengedwa kumadrasa ali mwana, inawagwira mtima, ndipo atatsegula Baibulo anaona nkhope imene ankaikonda kale. Ndimeyo yokha, yoti kudzabwera mneneri wonga Mose, yanyamula ziyembekezo zambiri. Asamariya ankadikira wawo wotchedwa Taheb. Petro mu Machitidwe 3 akuti ndi Yesu. Ayuda ambiri amati ikunena za Yoswa ndi mzere wonse wa aneneri. Ngakhale Nkhoswe ya mu Yohane inali itatengedwa kale ndi Mani wa ku Persia m'zaka za m'ma 200, amene otsatira ake ankati wolonjezedwayo ndi iyeyo.

Kuvomera zimenezi sikunandichititse kuganiza kuti kuwerenga kulikonse n'kolondola. Mawu ali ndi malire ake. Deuteronomo 17, chaputala chapafupi pomwepo, polamula kuti mfumu isankhidwe mwa abale, amamasulira yekha kuti asakhale mlendo, ndipo chaputala 18 chimayamba ndi Alevi ndi abale awo, amene ndi mafuko ena a Israeli. N'zoona kuti m'chaputala 2 ana a Esau akutchedwanso abale, ndipo amalume ankaidziwa ndime imeneyo, koma kulemera kwa nkhani kuli mbali inayo. Za Nyimbo ya Solomo 5:16, pamene ena amamva dzina la Muhammad m'mawu a Chihebri akuti mahamaddim, sindichedwapo: ndi mkazi akutama thupi la wokondedwa wake, ndipo mawu omwewo amapezeka kwina akunena za katundu wa mtengo wapatali. Uthenga wa Barnaba, umene umagulitsidwa m'timashopu tina, umadziwika kuchokera m'mipukutu ya Chitaliyana ndi Chisipanishi yolembedwa zaka zoposa 1,000 atumwi atamwalira, ndipo umati Mesiya ndi Muhammad, pamene Qur'an yeniyeniyo imapereka dzina la al-Masih, kutanthauza Mesiya, kwa Isa. Amalume anaukana okha atamva zimenezo.

Pamene ndimasiyana nawo kwambiri ndi pa nkhani ya mboni. Pabwalo la mfumu sungaitane munthu kuti akuchitire umboni m'mawa, masana n'kunena kuti ndi wabodza chifukwa wanena zosakukomera. Yohane amene akulonjeza Nkhoswe ndi yemweyo amene akuyamba buku lake ponena kuti Mawu anali Mulungu, ndipo machaputala ochepa pambuyo pa lonjezolo akufotokoza za mtanda, misomali ndi nthungo. Ngati ndime za Nkhoswe zili zoona chifukwa zikuloza ku Makka, ndipo za mtanda zili zosinthidwa chifukwa Sura 4 ikukana kupachikidwa kwa Isa, ndiye kuti woweruza ndi Qur'an, ndipo Yohane wangoitanidwa kudzavomereza. Msilamu ali ndi ufulu wokhulupirira zimenezo, ndipo ndi chiphunzitso chake chenicheni kuti Qur'an ndi muyeso wa mabuku akale. Koma pamenepo tisamati Baibulo latsimikiza. Mpingo, ndi zolakwa zake zonse kwa Ayuda, unakana Marcion mu 144 pamene ankafuna kutaya Chipangano Chakale, ndipo unasunga bukulo lonse, ndi ndime zovuta zomwe, n'kumaliwerenga Lamulungu lililonse. Ndinawauza amalume zimenezi tsiku lina, nthawi ino motsitsa mawu, tikumwa tiyi atafuturu m'mwezi wa Ramadhani. Anaganiza nthawi yaitali, n'kuti, "Mboni imatha kuiwala zina n'kukumbukira zina." Sitinagwirizane, ndipo tinathira tiyi wina.

Chimene sindinkachiona ndili mnyamata n'chakuti munthu ameneyu ankasamba m'manja asanagwire Baibulo langa. Sankaliika pansi. Akatchula Isa kapena Musa ankawonjezera mawu owafunira mtendere, pamene ine ndinkatchula dzina la Mtumiki wawo ngati ndikutchula mnzanga wa m'kalasi. Pofufuza Muhammad m'buku la mlongo wawo ankanena, m'njira yawo, kuti Mulungu analankhulamo, ndipo kuti mlongo wawo sanapite kutali kwambiri moti sangamvenso kuitana. Ankakonda Genesis 17:20, pamene Mulungu akulonjeza kudalitsa Ismaeli ndi kumupatsa akalonga 12, ndi Genesis 21, pamene Mulungu akumva kulira kwa mnyamatayo m'chipululu. Ndime zimenezi ine ndinali ndisanazimvepo zikulalikidwa kutchalitchi. Anandiphunzitsa ndi iwo kuti mwana wa Hagara nayenso ali ndi lonjezo lolembedwa m'Baibulo langa, ndipo ndimaziphunzitsa tsopano.

Pamene ndinkakwatira, nkhoswe yanga inali iwo, monga mwa mwambo. Anakhala pa benchi lakutsogolo m'tchalitchi atavala mkanjo wawo, sanagwade, sanaimbe, koma anasaina. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi banja langa linafika pa mphanda, ndipo wolakwa ndinali ine. Anakwera minibasi kuchokera ku Nkhotakota mpaka ku Kasungu kumene ndinkaphunzitsa, anafika ndi fumbi m'ndevu, n'kukhala pamphasa ndi ankhoswe a kuchikazi kuyambira masana mpaka nyali itayatsidwa. Sanandibisire mlandu. Anandidzudzula pamaso pa onse ndi mawu amene sindidzawaiwala, kenaka anatembenukira kwa apongozi anga n'kupempha m'malo mwanga, ngati kuti wolakwayo ndi iwo. Usiku umenewo, ndikuwayalira pogona, ndinamvetsa chifukwa chake kwa iwo nkhoswe inayenera kukhala ndi miyendo. Ndinamvetsanso, kwa nthawi yoyamba, chimene Yohane akutanthauza ponena kuti Mzimu amatsutsa munthu za tchimo lake koma osamusiya wamasiye, chifukwa ndinali nditangoziona zikuchitika pamphasa.

Anamwalira m'nyengo ya dzinja, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ine ndinaima kumbuyo pamene amuna ankaswalira janaza, kenaka ndinathira nawo dothi. Patatha masiku atatu mwana wawo wamkulu anandipatsa kaphukusi ka chitenje, n'kuti bambo ananena kuti ili lipite kwa aphunzitsi. Linali Buku Lopatulika lija.

Ndimawerenga mawu kutchalitchi kwathu, ndipo pa Pentekoste chaka chatha anandipatsa Yohane 14. Ndinatenga Baibulo lomwelo. Pansi pa mawu oti Nkhoswe pali mzere wofiira wokandikiza mpaka kuonekera kutsamba linalo, ndipo m'mphepete muli zilembo zinayi za Chiarabu zimene mwana wawo anandiwerengera kuti ndi Ahmad. Ndinawerenga ndimeyo mokweza monga ndimaikhulupirira, za Mzimu Woyera amene anatsika pa ophunzira ku Yerusalemu, chala changa chili pa inki ya amalume.